Kodi mlendo agone m'kati mwa linga la Jaisalmer kapena kunja kwake?

Mphunzitsi Wopuma analemba kuti:

Moni nonse, abale ndi alongo. Ine ndi mayi a kunyumba tikukonzekera kupita ku India m'mwezi wa Disembala kukaona mwana wathu amene akumaliza maphunziro ake kumeneko, ndipo mwambo ukadzatha tidzakhala ndi masiku atatu amene tikufuna kukawathera ku Jaisalmer, mzinda wakale wa m'chipululu cha Thar, m'chigawo cha Rajasthan. Ndinaphunzitsa mbiri kwa zaka zambiri, ndipo ndakhala ndikulakalaka kuona ndi maso anga linga limene mfumu Rawal Jaisal inayamba kumanga mu 1156, limene ndamva kuti mpaka lero muli mabanja okhalamo, masitolo ndi akachisi, pamene malinga ena ambiri a m'dzikomo anasanduka malo ongoonetsera zakale.

Chimene chandiimika mutu ndi ichi. Pofufuza malo ogona ndapeza kuti nyumba zina zogona alendo zili m'kati mwenimweni mwa lingalo, ndipo mtima wanga unathamangira kumeneko, chifukwa kudzuka m'mawa pamwamba pa khoma la zaka mazana ambiri si mwayi umene munthu wa msinkhu wanga angaupezenso kawiri. Koma mwana wathu akuti anamva kuti alendo ogona m'lingamo ndiwo akuliwononga, ngakhale sanathe kundifotokozera kuti amaliwononga bwanji. Safunsa anadya phula, n'chifukwa chake ndabwera kwa inu amene munafikako. Kodi nkhaniyi ndi yoona? Ngati ndi yoona, tikagone kuti? Ndikufunanso kudziwa mmene tingagawire masiku atatuwo, makamaka ngati ulendo wa pa ngamila wopita ku milu ya mchenga ndi woyenera anthu achikulire, popeza mayi a kunyumba amavutika ndi msana.

Mayi Wogula Nsalu anayankha kuti:

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Ine ndafikako kawiri pa maulendo anga ogula nsalu, ulendo woyamba ndinagona m'kati mwa linga, wachiwiri ndinagona kunja, choncho ndikuuzani zimene ndinaona mbali zonse ziwiri.

Mwana wanu sanamve bodza. Vuto lake ndi madzi. Lingalo linamangidwa pa phiri lotchedwa Trikuta, pa nthawi imene madzi onse a m'mudzimo ankabwera pamutu kapena pa ziweto, ndipo banja linkasamala mtsuko uliwonse. Ngalande zake zinakonzedwa molingana ndi moyo woterowo. Lero madzi amakwera ndi mipope, nyumba zambiri zinasanduka mahotela ndi malo odyera, ndipo chipinda chilichonse cha mlendo chili ndi bafa ndi chimbudzi chogejemula. Madzi onsewo ayenera kutsika, ndipo amene atayikira m'njira amalowa pansi pa maziko. Pa ulendo wanga woyamba ndinkadutsa m'kanjira kena kopapatiza kuseri kwa nyumba imene ndinkagona, ndipo tsiku lililonse ndinkaona khoma lili lonyowa kuyambira pansi mpaka m'chiuno mwanga, mwala wachikasu uja utada ngati wapsa, pamene mvula inali isanagwe kwa miyezi. Nditaugwira ndi chala, mchenga unatsalira pa chalacho. Kuyambira tsiku limenelo ndinkachita manyazi kutsegula mpopi m'bafa.

Ulendo wachiwiri ndinagona kumunsi, m'tauni, pamalo oyenda mphindi khumi kufika pa chipata, ndipo ndinapeza chinthu chimene sindinachiganizire. Munthu amene ali m'kati mwa linga saliona lingalo. Amene ali kunja ndiye amaliona lonse, ndi nsanja zake zozungulira 99 zitandandalika pamwamba pa phiri. Nyumba zambiri zogona alendo za kumunsi zili ndi malo odyera padenga, ndipo mukakhala pamenepo dzuwa likamapendeka mumaona makomawo akusintha mtundu, kuchoka pa chikasu chotuwa cha masana kufika pa mtundu wa uchi, kenako usiku amawaunikira ndi magetsi. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake eni ake amalitcha Sonar Qila, kutanthauza linga lagolide.

Pali chinanso chokhudza mayi. Njira yokwera kulinga ndi yotsetsereka, yoyalidwa miyala imene inasalala ndi mapazi a anthu, ndipo imakhotakhota podutsa zipata zinayi: Akhai Pol, Suraj Pol, Ganesh Pol ndi Hawa Pol. Anaikhotetsa dala kuti adani asathe kuthamanga molunjika kuchokera pa chipata china kufika pa chinzake. Galimoto zazikulu sizilowa. Tinjinga tamoto ta matayala atatu timakufikitsani pa bwalo lalikulu lotchedwa Dussehra Chowk, koma kuchokera pamenepo katundu amayenda pamanja, ndipo nyumba zambiri za m'katimo zili ndi masitepe aatali ndi opanikiza. Kwa munthu wa msana, kukwera kamodzi m'mawa n'kutsika masana n'kokwanira.

Tsiku loyamba lonse lipatseni lingalo, ndipo muyambe ndi akachisi a chipembedzo cha Jain musanapite kunyumba yachifumu, chifukwa alendo amaloledwa kulowamo m'mawa mpaka chakumasana basi. Akachisiwo alipo asanu ndi awiri, olumikizana ndi tinjira ndi masitepe, ndipo ambiri anamangidwa m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500 ndi chuma cha amalonda. Pakhomo mudzavula nsapato, ndipo chilichonse chachikopa, kaya ndi lamba kaya ndi chikwama, chimatsala panja, popeza a Jain salola kupha chamoyo chilichonse. Bambo, valani buluku limene lingakhale popanda lamba. Zosema za m'katimo sindingathe kuzifotokoza mokwanira. Nsanamira iliyonse, denga lililonse, ndi anthu ovina, maluwa ndi nyama, zonse zogobedwa pa mwala, ndipo ine amene ndimagwira nsalu tsiku ndi tsiku ndinaona ngati mwalawo aupeta ndi singano. Pansi pa kachisi wa Sambhavnath pali kachipinda kotchedwa Gyan Bhandar kosungiramo mabuku akale olembedwa pamanja, ena pa masamba a kanjedza, ndipo ndikukhulupirira kuti monga mphunzitsi wa mbiri simudzafuna kutulukamo msanga.

Wophunzira ku Rajasthan anayankha kuti:

Ndikupatsani moni, bambo, komanso inu mayi. Ine ndine wamng'ono pakati panu, koma ndakhala m'chigawo chino zaka zingapo ndipo ku Jaisalmer ndimapitako anzanga akabwera kudzacheza, choncho ndiloleni ndiwonjezere mbali imene sinatchulidwe.

Zimene mayi anena za madzi sindikuzitsutsa. Chimene ndikupempha n'chakuti tisaiwale anthu okhala m'lingamo. Ndi anthu masauzande angapo, ambiri mwa iwo ndi zidzukulu za mabanja amene ankatumikira mafumu ndi akachisi, ndipo lero chimene chimawadyetsa ndi alendo. Jaisalmer inalemera chifukwa inali pa njira ya amalonda a ngamila opita ku Sindh, Persia ndi kupitirira. Malonda atasamukira ku madoko a panyanja monga Bombay, chuma chinayamba kuphwa, ndipo malire a India ndi Pakistan atadulidwa mu 1947, njira yakaleyo inatsekeka. Mwini kanyumba kena kogona alendo, bambo wachikulire amene ndinamwa naye tiyi pakhonde pake, anandiuza mowawidwa mtima kuti anthu akunja amauzana kuti asagone m'linga, koma sauzana kuti akakamize akuluakulu kukonza mipope yotayikira, ndipo iye sakuona chifukwa chimene banja lake liyenera kulipira mlandu wa ngalande zimene silinamange. Sindinathe kumuyankha. Chimene chimapatsa moyo linga limeneli, limene bungwe la UNESCO linalilemba pamodzi ndi malinga ena asanu a ku Rajasthan pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2013, n'chakuti m'tinjira take mumakumana ndi ana opita kusukulu, ng'ombe itagona pakhomo ndi amayi akuyanika zovala. Anthuwo akadzasowa chochita n'kusamuka, chidzatsale ndi chigoba.

Maganizo anga ndi akuti mukagone kunja, monga mayi anenera, koma ndalama zanu zikathere m'kati. Mukadye chakudya chamasana m'lingamo, mukatenge wokutsogolerani wokhala momwemo, ndipo ngati mukufuna kugula kanthu, mukagule kwa mmisiri amene mwamuona akugwira ntchitoyo ndi manja ake.

Tsopano za ngamila. Mayi a kunyumba asakwere ulendo wautali. Ngamila imadzuka ndi miyendo yakumbuyo poyamba, moti wokwerayo amagwetsedwera kutsogolo kenako kumbuyo, ndipo kayendedwe kake kamagwedeza chiuno njira yonse. Ine ndili ndi thupi la mnyamata, koma nditayenda maola atatu ndinatsika ndikuyenda chotangadza. Milu ya mchenga mungathe kuifika pa galimoto. Malo otchuka ndi Sam, makilomita pafupifupi 40 kumadzulo kwa mzinda, ndipo milu yake ndi yaikulu ndithu, koma m'Disembala, makamaka sabata ya Khirisimasi ndi chaka chatsopano, kumadzaza anthu, magalimoto othamanga pamchenga ndi zokuzira mawu. Ngati chimene mukufuna ndi bata la chipululu, funsani za Khuri, mudzi umene uli chakumwera, pa mtunda wotalikirapo pang'ono. Kulikonse kumene mungasankhe, muuzeni woyendetsa momveka kuti simukufuna masewera okwera ndi kutsika milu mwaliwiro, chifukwa ambiri amaganiza kuti mlendo aliyense amabwerera zimenezo, ndipo kwa msana n'zoipa kuposa ngamila. Bambo, inu mungathe kukwera ngamila kwa mphindi makumi awiri dzuwa likamalowa, mayi akukuonerani ali pamchenga.

Musanyengedwe ndi dzina lakuti chipululu n'kusiya zovala zamphepo. M'Meyi ndi Juni kutentha kumapitirira madigiri 45, koma m'Disembala ndi Januwale masana kumakhala kofunda bwino pamene usiku kumazizira kwambiri, ndipo kumchenga mphepo yake imalowa m'mafupa. Tengani majuzi okhuthala ndi zipewa. Madzulo m'misasa ya kumeneko mumabwera oimba a mtundu wa Manganiyar, Asilamu amene kwa mibadwo yambiri akhala akuimbira mabanja achihindu pa maukwati ndi pa kubadwa kwa ana. Mukamvetsere chida chawo cha zingwe chotchedwa kamaicha ndi timatabwa tinayi totchedwa khartal timene woimba amatiwomba m'manja mwake mofulumira modabwitsa.

Monga alendo akunja, dziwani zinthu zingapo. Pasipoti muziyenda nayo, chifukwa malo alionse ogona amayenera kukulembetsani. Pa malo ambiri olipira mtengo wa mlendo wakunja ndi wokwera kuposa wa nzika, ndipo ena amalipiritsa kamera padera, choncho khalani ndi ma rupee ang'onoang'ono. Dera limeneli layandikana ndi malire a Pakistan ndipo kuli asilikali ambiri, kotero musajambule malo awo, ndipo wina akakuuzani kuti akupititseni cha ku Tanot kapena Longewala, kumene kunachitikira nkhondo ya 1971, yambani mwafunsa kwa akuluakulu a boma ngati mlendo wakunja akuloledwa. Chomaliza, potsika sitima yochokera ku Jodhpur, umene ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 300, mudzapeza anthu ambiri okuitanirani malo ogona. Ulendo wanga woyamba woyendetsa wina anandiuza kuti nyumba imene ndinalipiriratu inatsekedwa, n'kundipititsa kwa mnzake, kumene chipinda chinali chotchipa koma anandiumiriza usiku wonse kuti ndigule ulendo wa ngamila. Nyumba yanga ija inali yotsegula. Pemphani eni malo amene mwasankha kuti atumize munthu wodzakutengani atanyamula pepala la dzina lanu.

Mmisiri wa Zomanga anayankha kuti:

Bambo mphunzitsi, ine ntchito yanga ndi yomanga, ndipo nditafika ku Jaisalmer ndinathera nthawi yambiri ndikuyang'ana makoma kuposa china chilichonse. Achimwene ophunzira anena zoona kuti mlandu si wa okhalamo okha, koma khoma silidziwa kuti madzi atayidwa ndi yani.

Mukadzafika, mudzayandikire khoma lakunja n'kuyang'ana pamene miyala yakumana. Mbali zambiri zakale simudzapeza dothi kapena laimu pakati pake. Amisiriwo ankasema mwala uliwonse kuti ukhale bwino pa unzake, kulemera kwake n'kumene kumagwira khomalo, ndipo anachita zimenezi mwanzeru chifukwa m'dziko lopanda madzi kukanda matope a linga lonse kukanatha dziwe. Khoma lotere limakhala zaka mazana ambiri malinga ngati pansi pake sipasuntha. Tsoka lake n'lakuti phiri la Trikuta si thanthwe lolimba lokhalokha, lili ndi miyala yofewa ndi dothi limene likamwa madzi limafufuma n'kuyamba kutsetsereka. Pansi pakasuntha pang'ono, miyala yopanda chomatira imatsegukirana, ndipo mvula yamphamvu ikabwera, mbali ya khoma imagwa. Zimenezi zachitikapo kangapo, ndipo bungwe la World Monuments Fund linaika lingali pa mndandanda wa malo akale amene ali pangozi koyamba mu 1996. Ntchito yokonza yakhala ikuchitika, ndipo mudzaona malo amene miyala yake ndi yatsopano, yowala kuposa inzake. Nkhani yakuti mlendo ndi mame siigwira ntchito pano, chifukwa mlendo mmodzi akachoka m'mawa, madzulo m'chipinda chomwecho mwalowa wina, ndipo bafa silipuma nyengo yonse yozizira.

Kuti mumvetse mmene anthu akale ankaonera madzi, tsiku lachiwiri mudzalawire ku Gadisar, dziwe limene linakonzedwa m'zaka za m'ma 1300 pa nthawi ya mfumu Gadsi kuti lizikolola madzi a mvula. Kwa zaka mazana ambiri mzinda wonse unkamwa pamenepo. M'mbali mwake muli masitepe otsikira kumadzi, tiakachisi ndi timisasa tamiyala, tina tili pakati pa madzi, ndipo m'nyengo yozizira kumabwera mbalame zochokera kutali. Chipata cholowera, Tilon ki Pol, chili ndi nkhani yake imene eni mzinda amakamba: akuti anachimanga ndi mayi wina dzina lake Tilon amene ankasangalatsa anthu a kunyumba yachifumu, ndipo pozindikira kuti mfumu ingachigwetse chifukwa chosafuna kudutsa pansi pa chipata cha munthu wotero, anaikapo kachisi pamwamba kuti pasapezeke wochikhudza. Malowa ndi athyathyathya, mayi adzayenda mosavutika.

Kuchokera pamenepo mudzalowe m'tauni yakumunsi kukaona nyumba za amalonda ndi nduna zimene amazitcha haveli. Yaikulu ndi Patwon ki Haveli, imene kwenikweni ndi nyumba zisanu zogundizana, zimene wamalonda Guman Chand Patwa anayamba kumangira ana ake aamuna asanu mu 1805, ndipo ntchitoyo inatenga zaka pafupifupi makumi asanu. Mawindo ake ndi miyala yobooledwa ngati sefa, imene imalowetsa mphepo n'kutchinga dzuwa, komanso inkalola amayi a m'nyumbamo kuona mumsewu iwo osaonedwa. Misewu yake ndi yopapatiza dala kuti nyumba zizichitirana mthunzi. Koma imene inandigwira mtima ine ndi Nathmal ki Haveli, ya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, imene anaisema amisiri awiri apachibale, wina kuyambira kumanja wina kumanzere. Mukaima patali mumaona ngati mbali ziwirizo n'zofanana, koma mukayandikira n'kuyamba kufananiza windo ndi windo, mumapeza kuti aliyense anatsata mutu wake. Ndinaima pamenepo pafupifupi ola lathunthu, pakati pa njovu ziwiri zamiyala zimene zili pakhomo. Salim Singh ki Haveli, imene chipinda chake chapamwamba chinatambasuka kuposa chapansi, mungathe kungoiona muli panja ngati miyendo yatopa.

Mphunzitsi Wopuma anayankha kuti:

Ndathokoza kwambiri nonse atatu. Ndawawerengera mayi a kunyumba mayankho anu onse, ndipo tagwirizana kuti tikagona kumunsi, pa nyumba imene ili ndi denga loyang'ana kulinga, koma chakudya chamasana cha tsiku loyamba tikadyera m'kati ndipo wotitsogolera tikamupeza momwemo, monga wophunzira wa ku Rajasthan uja walangizira. Mawu a bambo wa tiyi uja andikhudza, ndipo sindikufuna kukafika kumeneko ngati woweruza anthu pakhomo pawo. Tsiku lachiwiri tikayamba ndi Gadisar n'kutsiriza ndi nyumba za amalonda. Latsala ndi tsiku lachitatu. Popeza kumchenga tidzapita madzulo, kodi m'mawa mwake tingaone chiyani chimene chili pafupi? Ndamvapo za mudzi wina umene anthu ake anausiya usiku umodzi, koma sindikudziwa ngati ndi mbiri yeniyeni kapena nthano yokopera alendo.

Mayi Wogula Nsalu anayankhanso kuti:

Mudzi umenewo ndi Kuldhara, bambo, ndipo uli makilomita osakwana 20 kuchokera mumzinda, chakunjira ya ku Sam, moti mungathe kuima pamenepo popita kumchenga. Munkakhala anthu a mtundu wa Paliwal, alimi ndi amalonda amene ankadziwa kusunga madzi a mvula m'minda yawo, ndipo anachokamo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Otsogolera alendo adzakuuzani kuti anathawa usiku umodzi chifukwa nduna Salim Singh, mwini nyumba ija yatchulidwa pamwambapa, inkafuna kutenga mwana wamkazi wa mfumu ya mudziwo mokakamiza, ndiponso kuti pochoka anautemberera. Ofufuza ena amaloza ku misonkho yolemetsa ndi kuphwa kwa zitsime. Inu monga mphunzitsi mudzasiyanitsa nokha. Chimene chilipo ndi mizere ya nyumba zopanda madenga, misewu yowongoka bwino, kachisi, ndi nyumba zochepa zimene anazikonzanso kuti anthu aone mmene zinalili. Mthunzi ndi wochepa, choncho tengani madzi akumwa ndi chipewa.

M'mawa mwake ine ndingasankhe Bada Bagh, makilomita pafupifupi 6 kumpoto, kumene kuli zipilala zokumbukira mafumu a Jaisalmer, chilichonse ndi kadenga kake kamwala ndi mwala wosemedwa munthu atakwera hatchi. Kuseri kwake, pa zitunda, kwaima makina ataliatali opangira magetsi ndi mphepo. Mukakhala ndi mphamvu mupitirire ku Lodurva, likulu lakale limene Rawal Jaisal analisiya posamukira pa phiri la Trikuta, kumene kuli kachisi wina wa Jain amene anamangidwanso mokongola. Malo onsewa galimoto imodzi ingakuzungulitseni, ndipo mtengo wake mugwirizane ndi woyendetsa musanakwere, mutatchula malo alionse ndi dzina komanso nthawi imene adzakudikireni.

Pa chakudya, mukalawe ker sangri, ndiwo zophikidwa ndi tizipatso ndi nyemba zouma za mitengo ya m'chipululu momwemo, komanso dal baati churma, imene ndi mphodza yodyera timabanzi tootcha ta tirigu pamodzi ndi chotsekemera cha ufa wa tirigu. Tsabola amathira wambiri, choncho ngati mayi sagwirizana naye, nenani poitanitsa, ndipo madzi muzimwa a m'botolo lotsekedwa.